Njovu ya Zibaki

Oyendetsa njovu ku Karitago ankadziwika ndi zala zakumapazi. Zinali zikuluzikulu, zotayana, zolimba ngati mizu, chifukwa njovu saiyendetsa ndi chingwe. Munthu amakhala pakhosi pake n'kumaigunda ndi zala kuseri kwa makutu. Zibaki mwana wa Arishi anali ndi zala zoterozo. Kupatula zimenezo, analibe china choti munthu n'kumucheukira. Anali wamfupi, wowonda, wosalankhulalankhula, ndipo kulikonse kumene wadutsa ankasiyako fungo la khola.

Anabadwira m'linga momwemo. Linga la mzindawo linali lochindikala moti m'kati mwake munali makola, njovu pansi, akavalo pamwamba. Bambo ake ankamweta udzu wa njovu mpaka msana unapindika, ndipo iye anayamba ndi kuwola ndowe. Ndevu zitangoyamba kumera, alenje anabwera kuchokera kumapiri ndi kamwana ka njovu kakakazi, miyendo ili zilonda zokhazokha chifukwa cha zingwe. Kanakana kudya. Akuluakulu a khola anati kafa basi, palibe chifukwa chotayira udzu. Zibaki ankangokhala pansi pafupi nako, osakakhudza, osakalankhula, akudya nkhuyu zouma zimene mayi ake ankamukulungira m'kansalu. Tsiku lina anangomva chitamba chikufufuza m'chikhatho mwake. Dzina linachokera pamenepo. Anaitcha Nkhuyu.

Anakwatira mochedwa. Mkazi wake, Shiboleti, ankaphika mikate ya balere n'kumagulitsa pachipata cha kudoko, ndipo pakamwa pake panali pakuthwa kuposa mpeni wake. Anabereka mwana mmodzi, Bati, amene anakula n'kukwatiwa kutali. Madzulo Zibaki akamalowa m'nyumba, moni wa mkazi wake unali womwewomwewo, wofunsa za njovuyo.

"Mkazi mnzanga waswera bwanji?"

"Waswera."

"Wadya?"

"Wadya."

"Chabwino. Ife otsalafe tikhoza kudya tsopano."

Zibaki ankangomwetulira n'kusamba m'manja.

Pakhomopo pankabweranso kawirikawiri mlongo wake wa Shiboleti, dzina lake Safati, woumba mitsuko ya mafuta, munthu wa miyendo yaitali ndi nthabwala zosatha. Ankafika nthawi ya chakudya, n'kukhala pakhomo miyendo ili tambalale.

"Alamu, mlongo wangayu munamuonera chiyani? Chitamba alibe, makutu ang'onoang'ono."

Shiboleti ankamuponyera chikuni, Safati n'kulewa.

Nkhondo ndi Aroma inayamba Zibaki asanabadwe. Inkapuma, n'kuyambiranso. Koma inali nkhondo yakutali, yoimvera padoko kwa amalinyero: lero Sisile, mawa Spaniya, kenako Italiya. Njovu zambiri zinakwezedwa m'zombo ndipo sizinabwerere. Nkhuyu inkatsala chifukwa inali ndi ntchito. Inkakoka mitengo kupita nayo kumene amakhoma zombo, komanso inali yofatsa moti njovu zongogwidwa kumene ankazimangirira kwa iyo kuti ziphunzire khalidwe. Nthawi iliyonse chombo cha njovu chikachoka popanda iwo, Zibaki ankapita kukachisi wa mulungu wawo Taniti ndi kamkate m'manja. Sankauza munthu. Kuthokoza kotero kunali kochititsa manyazi mumzinda umene nyumba iliyonse inali ndi wake kutsidya kwa nyanja.

Kenako Aroma anawoloka nyanja. Anatentha minda ya tirigu, ndipo munthu akaima palinga ankaona utsi mbali zitatu. Akuluakulu a mzinda anaitanitsa asilikali amene anali ku Italiya, nalamula kuti njovu iliyonse yotha kuyenda ipite kunkhondo, ngakhale zija zogwidwa chaka chomwecho zimene zinali zisanazolowere fungo la munthu. Amuna amumzinda nawonso anapatsidwa mikondo ndi zishango, ophika mikate, osoka nsapato, oumba. Safati anali mmodzi wa iwo.

Kumsasa, kuchigwa cha Zama, msilikali wina wachikulire wa chipsera patsaya anasonkhanitsa oyendetsa njovu. Anali atakalambira kunkhondo ya ku Italiya. Aliyense anamupatsa nyundo ndi msomali wachitsulo, wautali ngati mkono wa mwana.

"Ntchito yake mukuidziwa?"

Onse anayang'ana misomali ili m'manja mwawo.

"Mukuidziwa. Njovu ikavulala siidziwa kuti wathu ndi uti, wawo ndi uti. Ikangotembenukira kwa anthu athu, apa." Anagwira pankhongo pake, pamene mutu umakumana ndi khosi. "Kamodzi kokha, ndi mphamvu zonse. Imagwa pomwepo. Siimva n'kuwawa komwe."

"Munaifunsa?" wina anatero kumbuyo, ndipo ena anaseka pang'ono.

Msilikaliyo sanaseke. "Amene adzalephere, mtanda ukumudikira. Ine ndinaonapo njovu imodzi ikumaliza anthu athu ambiri kuposa amene Aroma anapha m'mawa wonse."

Madzulo a tsikulo Zibaki anaisambitsa Nkhuyu kumtsinje. Sanafune kufunafuna malowo, koma dzanja linawapeza lokha. Panali pofewa, kakhwawa kakang'ono pakati pa mutu ndi khosi, pomwe ankatsamiritsa chikhatho zaka zonsezo akamapita kukakoka mitengo. Ali choncho Safati anatulukira, chishango chili pamutu ngati mtanga.

"Alamu, ati mawa ifeyo tiima kumbuyo kwanu. Muwauze akazi anu aakuluwa kuti ine ndine mlamu wawo. Asandiponde."

"Ndiwauza."

"Mwanena mawu onsewo nokha? Ndithu nkhondo imasintha anthu."

M'mawa njovu zinaikidwa kutsogolo kwa gulu lonse. Zitangoyamba kuthamanga, Aroma anaomba malipenga onse nthawi imodzi, akumenyanso zishango. Zazing'ono zija zinabalalika pomwepo, ina uku, ina uko. Nkhuyu inapita molunjika monga zala za mwini wake zinkaiuzira. Aroma anapatuka n'kusiya njira pakati pawo, ndipo nthungo zinayamba kugwa mbali zonse ziwiri. Zambiri zinkangolasa chikopa n'kugwa. Imodzi inalowa m'diso lamanzere.

Zibaki anali asanaimvepo ikulira chomwecho. Inazungulira, chitamba m'mwamba, n'kuyamba kubwerera kumene inachokera. Anaigunda ndi zala, anaitchula dzina, anaikoka khutu. Siinamumve. Kutsogolo kwawo kunali amuna amumzinda aja, atathithikana, osowa kothawira.

Anasolola msomali, n'kuuika pamalo pake. Anakweza nyundo.

Ena pambuyo pake ankati mwina dzanja linachita dzanzi, monga zimachitikira munthu pankhondo. Silinachite dzanzi. Analiletsa yekha. Anaona nkhope za anthuwo zikuyandikira, ndipo anadziwa zimene zichitike, koma nyundo inakhalabe m'mwamba. Kenako anamva pansi pake phokoso ngati la mitsuko ikusweka pa ngolo yogubuduzika. Silinatenge nthawi. Atazindikira, anali ali kuthengo, gulu lonse lili kumbuyo, njovu ikuthamangabe, magazi akuyenderera patsaya lake. Nyundo ndi msomali anaziponya m'khwawa.

Tsiku limenelo Karitago inagonja.

Zibaki anazula nthungo ija, natsuka bala ndi vinyo amene anamupeza m'mudzi wothawidwa. Diso linali litatha. Anayenda nayo m'tinjira takuseri, kupewa misewu, mpaka anafika pamunda wina wa maolivi umene eni ake anauthawa, pafupi ndi dambo la mchere. Anaimangirira pamenepo. Ndiyeno analowa mumzinda wapansi.

M'nyumba mwake anapeza Shiboleti atagwada pambali pa mphasa. Pamphasapo panali Safati, miyendo yonse iwiri itamangidwa ndi timatabwa kuyambira m'ntchafu. M'nyumbamo munkanunkha mafinya ndi mafuta.

"Mwabwera," anatero Shiboleti. Moni wa masiku onse uja panalibe.

Safati anatembenuza mutu. Anali ataonda, koma maso anali omwe aja.

"Alamu, uthenga wanga simunapereke."

Zibaki anangoima pakhomo.

"Ndinakuonani, mukudziwa? Muli pamwamba apo, nyundo ili chonchi. Ndinati ayi, alamu atipulumutsa. Mpaka pano ndikudikirabe kuti itsike."

"Alamu..."

"Musanene kanthu. Pakamwa panupo sipanazolowere, mungadzilume."

Shiboleti anafinya nsalu m'mbale ya madzi. Anafunsa osamuyang'ana. "Ili moyo?"

"Ili moyo."

Anadzuka n'kutuluka kupita kung'anjo yake.

"Sindinauze munthu," anatero Safati atatsala awiri. "Osati chifukwa cha inu. Akakupachikani, mlongo wangayu atsala ndi mtembo umodzi panja, wina m'nyumba. Koma enanso anaona. Mlandu suola, alamu."

Mtanda sunabwere. Amene akanamupachika ambiri anafera ku Zama, ndipo otsalawo anali ndi zina zoti aganize. Chimene chinabwera ndi mtendere wa Aroma. Olengeza anayenda m'misewu yonse: zombo zankhondo ziperekedwe kuti zitenthedwe, njovu zonse ziperekedwe, ndipo Karitago isadzagwirenso kapena kuphunzitsa njovu mpaka kalekale. Akuluakulu analumbira pamaso pa milungu. Wobisa njovu ngakhale imodzi ndiye kuti waswa lumbirolo, ndipo Aroma abwereranso.

Zibaki anamva zonsezi. M'mawa uliwonse ankatulukabe pachipata ndi mtolo pamutu, kulowera kudambo la mchere. Bala linkapola. Nkhuyu inaphunzira kupendeketsa mutu kuti imuone ndi diso lotsalalo, ndipo akafika inkamufufuza ndi chitamba kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati ikuona kuti wabwera yense. Iye ankakhala pansi pa mtengo n'kumaganiza za kumapiri. Koma njovu yoleredwa m'khola kuyambira ili kamwana, ya diso limodzi, kumapiri ikanatha masiku angati? Komanso njira ya kumapiri inali yodzaza ndi apakavalo a Anumidiya, amene tsopano anali abwenzi a Aroma.

Tsiku lina masana, akumanga mtolo wake, Shiboleti anaima pakhomo n'kumutsekereza.

"Bambo a Bati, kodi njovu imabisika?"

Iye anapitiriza kumanga.

"Anthu otola mchere akumaimva ikulira. Dzulo mkazi wa wosula zitsulo wandifunsa kuti amuna anu amapita kuti ndi nkhuyu zonsezi pamene ana a anthu akugona ndi njala. Ndimuyankhe chiyani? Kuti ali ndi chibwenzi kudambo?"

"Make Bati, ndipatseni njira."

"Ndikupatsani. Koma mumve kaye. Akaipeza okha, aipha pomwepo, inu n'kukupachikani. Mukaipereka nokha, mwina ikhala moyo. Kwa ine, itafa sindingagwetse msozi. Ndikungokuuzani mmene zinthu zilili."

"Aroma sadziwa njovu."

"Nanga inu munaidziwa?"

M'kati Safati anatsokomola. Panalibe nthabwala imene inatuluka.

Mawa lake Zibaki anakwera pakhosi pa Nkhuyu, n'kudutsa nayo pamsewu waukulu dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Palibe anamufunsa kumene inali.

Njovu ankazilandirira pamchenga, kunja kwa doko. M'madzi munali mukuonekabe nthiti zakuda za zombo zimene zinatenthedwa. Zambiri mwa njovuzo zinali zitaperekedwa kale kwa Anumidiya n'kupita wapansi. Zotsalazi zinali zoti ziwoloke nyanja kukaonetsedwa ku Roma. Aroma anabweretsa zombo zazikulu zonyamulira katundu, n'kukhoma mlatho wamatabwa kuchokera pamchenga kukafika m'chombo. Anthu amumzinda anadzaza palinga kudzaonerera.

Njovu zinakana. Iliyonse inkaponda thabwa loyamba, n'kumva kuti pansi pake palibe kanthu, n'kubwerera. Aroma anazibaya ndi mikondo kumbuyo. Anabweretsa miuni ya moto. Yamphongo ina yaing'ono inathamangira pamlathopo chifukwa cha mantha, n'kuterereka, n'kugwera m'madzi mwendo utathyoka. Anaimalizira momwemo, ndipo madzi anafiira mpaka kumchenga.

Oyendetsa njovu a Karitago anali atakhala pansi chapatali, manja ali pamaondo. Aliyense wa iwo ankadziwa mmene njovu amaikwezera m'chombo. Anaziona kwa makolo awo. Palibe anapangana ndi mnzake, koma palibe anadzuka. Nkhondo imene inawatsalira inali yomweyo, kukhala pansi n'kumaonerera Aroma akutuluka thukuta. Zibaki anakhala nawo, chingwe cha Nkhuyu chili m'manja.

Dzuwa litapendeka, mkulu wa Aroma anabwera ndi womasulira, wamalonda wina wa ku Sisile wodziwa zinenero zonse ziwiri.

"Akuti mphepo siwadikira," anatero womasulirayo. "Akuti imene dzuwa lilowe isanakwere, aiphera pamchenga pomwe pano. Kwa iwo n'chimodzimodzi. Minyanga imakwera chombo mosavuta."

Mkulu wa oyendetsa njovu, Bodeshi, nkhalamba ya mano awiri, anayankha osadzuka. "Uwauze aziphe. Kuli bwino zifere kwawo."

Enawo anavomera ndi mitu.

Zibaki anayang'ana Nkhuyu. Inali itaima phee, ikukupiza makutu, mutu utapendekera kwa iye. Ntchentche zinkazungulira pachipsera. Anaimirira.

"Khala pansi, Zibaki," anatero Bodeshi.

Sanakhale.

"Iwe mwana wa Arishi, ndati khala pansi. Bambo ako ndinkadya nawo mbale imodzi."

Zibaki anapita kwa womasulira uja. "Uwauze abweretse dothi. Lambiri. Ndi udzu, ndi nthambi zamasamba. Moto auchotse."

Aroma anatuta dothi m'madengu ndi m'zishango. Zibaki analiyala yekha pamlathopo, n'kumaliponda ndi mapazi ake mpaka thabwa linasiya kulira. Pamwamba anamwazapo udzu. Anatola ndowe za njovu zomwezo n'kuziika apo ndi apo, kuti pazinunkha ngati njira imene zinzake zadutsamo kale. M'mbali anazikamo nthambi. Atamaliza, mlathowo unkaoneka ngati kanjira kokwera kumunda.

Ndiyeno anatenga Nkhuyu. Sanaikwere. Anaiyendetsa mozungulira kuti diso lakufa liloze kumene kunali madzi ofiira aja, iye n'kuima mbali ya diso lamoyo, pafupi kwambiri, kuti isaone china koma iye. Itafika poyambira mlatho inaima. Inagunda dothilo ndi phazi. Inanunkhiza. Kenako inaika chitamba paphewa pake n'kungokhala choncho, ikudikira.

Zaka zonsezo anali asanainamizepo. Akati pano mpolimba, pankakhala polimba. Akati madzi awa ndi osaya, ankakhala osaya.

"Tiye, mayi," anatero chapansipansi. "Ndi pansi pomwe."

Inakwera.

Zinazo, zimene zambiri zinaphunzira kuyenda zitamangiriridwa kwa iyo, zinaitsatira popanda wozibaya. Dzuwa lisanafike pamadzi, pamchenga panalibe njovu. Palinga wina anaponya mwala, koma unagwera patali. Bodeshi analavula malovu pansi, n'kudzuka movutikira, n'kumapita. Enawo anamutsatira.

M'chombo Aroma anamanga njovuzo unyolo kumiyendo. Woyang'anira Nkhuyu anali msilikali wa khosi lopsa ndi dzuwa, amene ankaiyandikira ngati akuyandikira ng'anjo. Zibaki anakoka womasulira pamkono. Tsiku limenelo analankhula mawu ambiri kuposa amene Shiboleti anamumvapo chikwatirane.

"Umuuze asamaidzere kumanzere. Azidzera kumanja, ndipo aziyamba walankhula asanaikhudze. Moto asamayandikire nawo. Malipenga ayi. Chipserachi azitsuka ndi madzi amchere m'mawa uliwonse, ntchentche zingaikiremo mazira. Ikakana kudya asaimenye, angokhala pansi pafupi nayo. Ndipo mukakafika kutsidyako, potsika aikenso dothi. Umuuze zimenezo kawiri. Akapanda kuika dothi siitsika, ndiye aipha."

Womasulira ananena timawu tochepa m'chinenero cha Aroma. Msilikali uja anagwedeza mutu.

"Ine ndanena zambiri. Iwe wanena zochepa."

"Chinenero chawo n'chachidule, bambo."

Mkulu wa Aroma, amene ankaonerera zonsezi, analankhula kanthu. Womasulira anaseka.

"Mwayi wanu uwu. Akuti ngati mukuidera nkhawa chonchi, tiyeni nayo. Chakudya chilipo, unyolo sakumangani. Akuti munthu ngati inu amufuna."

Zibaki anayang'ana kumtunda. Shiboleti sanali pakati pa anthu oonerera aja, ndipo iye ankadziwa chifukwa chake. Safati sakanatha kusiyidwa yekha. Ngakhale kupita kuseri kwa nyumba ankafunika kunyamulidwa, ndipo Shiboleti ankangomukoka pamphasa chifukwa kumukweza sankatha. Anayang'ananso Nkhuyu. Inali itayamba kutola udzu umene anaiikira.

Womasulira anayamba kutopa.

"Ndiwauze chiyani?"

"Uwauze kuti kunyumba kuli munthu woti ndizimunyamula."

Anadikira kuti njovu iike udzu m'kamwa. Kenako anazungulira mwakachetechete kudzera mbali ya diso lakufa, kumene iye mwini anali atangoletsa ena kudzera, n'kutsika.

Chombo chitasuntha, Nkhuyu inamva pansi pakugwedezeka ndipo inadziwa. Kulira kwake kunamveka mpaka kumsika. Zibaki sanatseke makutu, sanachokenso. Anaima pamchengapo mpaka kulirako kunasakanikirana ndi mafunde.

Makola a m'linga aja anawasandutsa mosungiramo tirigu. Oyendetsa njovu anabalalika, ena kukaweta abulu, ena kumidzi. Amene anatsala mumzinda sankamupatsa moni Zibaki. Ankamutchula kuti Wadothi, ndipo ana a m'misewu anatola dzinalo osadziwa kumene linachokera. Iye anayamba kunyamula katundu padoko. Nsapato zinkamuvuta kuvala, choncho ankayenda wopanda.

Safati anachira, koma miyendo inauma ngati nkhuni. Mwini malo oumbira anavomera kuti azikhala pansi n'kumamata zogwirira pamitsuko, ntchito yofuna manja okha. Ndiye m'mawa uliwonse, asanapite kudoko, Zibaki ankamubereka kumsana n'kukwera naye chitunda cha kwa oumba, madzulo n'kukamutenga. Anachita zimenezo mvula ndi dzuwa, mpaka onse awiri imvi zinawamera. Nthabwala za Safati zinabwerera, koma zinali ndi minga.

"Pang'onopang'ono, alamu. Mwandithyola kale kamodzi."

Shiboleti ankawaikira chakudya onse awiri, ankachapa, ankagulitsa mikate yake. Sanamunyoze mwamuna wake ngakhale tsiku limodzi, ndipo sanamusekenso. Za njovu m'nyumbamo sizinkatchulidwa.

Koma padoko Zibaki ankafunsa. Chombo chilichonse chochokera ku Italiya, iye ankakhala woyamba kufika pa katundu wake, ndipo akatsitsa mtolo womaliza ankaima pafupi ndi amalinyero mpaka wina amuyang'ane. Ambiri sankadziwa kanthu. Ena ankamuseka. Patapita zaka ndithu, anapeza wamalonda wina wa vinyo amene anati anali ku Roma tsiku limene asilikali awo ankaguba mumzinda kukondwerera kugonja kwa Karitago.

"Njovu zinalipo?"

"Zinalipo. Zinkayenda kutsogolo kwa akaidi."

"Ndiye kuti zinatsika m'chombo."

"Zikanauluka?"

"Munaona yaikazi, yaikulu, ya diso limodzi? Lamanzere."

Wamalondayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo, ine ndinali padenga la nyumba, vinyo ali m'mutu. Njovu ndi njovu."

"Nanga pambuyo pake anazitani?"

"Ena amati anazipereka kwa mfumu ina. Ena amati anapita nazo kunkhondo kum'mawa. Ena amati anazibaya pamasewera anthu akuomba m'manja. Aroma amatha zonsezo. Samalani mtsukowo, ndi wodula kuposa inu."

Zoposa pamenepa Zibaki sanamve mpaka imfa yake.

Madzulo a tsikulo, akutsika chitunda ndi Safati kumsana, anamufotokozera. Ananena mwachidule, akuyang'ana miyala ya mumsewu. Anadutsa pachitsime, anadutsa pa osula zitsulo, kenako Safati anafunsa.

"Ndiye mukufuna ndinene chiyani, alamu? Kuti ili moyo?"

"Sindikufuna kanthu."

"Ine usiku ndimailota ikubwera. Ndimadzuka thukuta lili thupi lonse. Ndikanakonda nditamva kuti anaidya." Anakonza manja ake pakhosi pa mlamu wake. "Koma chinthu chouma mutu ngati chija sichifa msanga. Ndakhala pamsana pa mwini wake zaka zonsezi, ndikudziwa."

Zibaki anaima, n'kumukweza bwino, chifukwa anali atayamba kutsetsereka.

"Tiyeni," anatero Safati. "Mlongo wanga sakonda chakudya chizizizira."